Kwa Mayi ku Chikanda: malo odyera amene anandiphunzitsa kupempha mitanda iwiri

Ku Chikanda, dera lomwe lagundana ndi Yunivesite ya Malawi mumzinda wa Zomba, malo odyera alipo ambiri moti munthu ukhoza kutha mwezi wathunthu osabwereza khomo. Ambiri mwa malowa alibe chikwangwani, ndipo ophunzira amawatchula ndi dzina la mwini wake. Amene ndikuwafotokoza pano nawonso ndi otero, choncho ndingowatchula kuti kwa Mayi, monga momwe timanenera tikamaitanizana pochoka m'kalasi. Ndakhala ndikudya kumeneku masemesita atatu otsatizana, nkhomaliro ndi mgonero, ndipo ndikuona kuti nthawi imeneyi yakwana kuti ndinene zabwino ndi zoipa zake popanda kukometsera. Funso limene ndikufuna kuyankha ndi limodzi: kodi wophunzira wa ndalama zochepa, amene akufuna kudya zopatsa thanzi koma osanenepa mosalongosoka, angadalire malo amenewa?

Ndiyambe ndi chimene chinandifikitsa kumeneku. M'chaka changa choyamba ndinkadya mwachisawawa, ngati mwana amene wangomasulidwa kumene m'manja mwa makolo. M'mawa kunali mandasi atatu ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga, masana chilichonse chimene chapezeka, ndipo usiku, pochokera kowerenga, ndinkaima pachiwaya n'kugula tchipisi cha dzira, kenako n'kutsitsira botolo la chakumwa chozizira. Pofika tchuthi chachikulu mathalauza awiri anali atakana kumangika m'chiuno, ndipo sikelo ya kuchipatala inaonetsa kuti ndawonjezera makilogalamu 9. Kumudzi nkhaniyi inalandiridwa ndi nthungululu. Azakhali anga anandigwira tsaya n'kunena kuti, “Koma mwana wa achimwene, sukulu yakukonda, taona mmene wasalalira!” Sindinawatsutse, chifukwa kwathu kunenepa timakuwerenga ngati umboni wa mtendere, ndipo wowonda timamuganizira matenda kapena mavuto. Koma bambo anga amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsiku ndi tsiku, ndipo agogo anga aakazi anavutika ndi matenda a shuga mpaka kumwalira, motero kuyamikirako kunandichititsa mantha m'malo mondisangalatsa. Vutoli si langa ndekha ayi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka zapakati pa 15 ndi 49 m'dziko muno anali olemera kupyola muyezo, m'dziko lomwelo limene ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira.

Kachitidwe ka malowa ndi kosavuta. Munthu ukhoza kugula mbale imodzi n'kulipira pomwepo, kapena kulipiriratu mwezi wonse, pamanja kapena kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo dzina lako limalembedwa m'kope lachikuto cholimba limene limakhala pa tebulo la pakhomo. Ukadya, mtsikana wothandiza amachonga pa tsikulo. Kulipiriratu kumeneku ndiko chinthu choyamba chimene ndikuchiyamikira, ndipo chifukwa chake si kutsika mtengo kokha. Wophunzira aliyense amene amadalira ngongole ya boma kapena ndalama zotumizidwa kuchokera kunyumba amadziwa kuti sabata yoyamba amadya ngati bwana, pomwe sabata yomaliza amagonera madzi ndi chimanga chokazinga. Kudya kosinthasintha kotereku ndiko kumawononga thupi, chifukwa pamene ndalama zilipo munthu amabwezera njala yonse ya masiku apitawo ndi zokazinga. Dzina likakhala m'kope, nthawi ya chakudya imakhazikika, ndipo ndalama ya chiwaya imakhala kuti yapita kale kwina.

Za ukhondo ndinena mwachidule. Pakhomo pali ndowa ya mpopi ndi sopo amene amamangiriridwa ndi chingwe kuti asayende, madzi akumwa amathiridwa klorini, ndipo chizolowezichi sichinathe ngakhale mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unadutsa. Kophikira kumaonekera kwa aliyense amene wakhala pa benchi. Ntchentche zilipo, makamaka nyengo ya mango, koma miphika imakhala yovundikira.

Pachimake pa nkhani yonse ndi pa nsima. Mbale ya masiku onse kwa Mayi imabwera ndi mitanda itatu ikuluikulu, ndiwo zamasamba zokwana chipande chimodzi chosadzadza, ndi ndiwo ina imene wasankha. Mbale yotereyi inakonzedwera munthu wogwira ntchito ya thukuta, monga woumba njerwa kapena wopalasa kabaza, osati ife amene timakhala pampando kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kwa milungu iwiri yoyamba ndinkamaliza mitanda yonse itatu chifukwa chomva chisoni ndi ndalama yanga, ndipo m'kalasi ya masana ndinkasinza mochititsa manyazi. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kunena kuti, “Mayi, mungandichotsereko mtanda umodzi, m'malo mwake mundiwonjezere masamba?” Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chipande chili m'manja, n'kufunsa kuti, “Mwanawe, ukudwala kapena nsima yanga siikukoma?” Nditawafotokozera za bambo anga anangoti, “Chabwino, masamba ndiye sasowa,” ndipo kuchokera tsiku limenelo akangondiona pakhomo amauza wothandiza kuti wa mitanda iwiri wafika. Lero tilipo angapo amene timatchulidwa choncho. Apa ndi pamene pagona ubwino waukulu wa malowa poyerekeza ndi ena amene ndinayesako, kumene mbale imaikidwiratu ndipo wopempha kusintha amaoneka ngati wovuta: kwa Mayi mbale imakambidwa. Koma dziwani kuti palibe amene adzakufunsani. Mukangokhala chete, itatu ija ibwera.

Ufa umene amagwiritsa ntchito ndi wamitundu iwiri. Masana pamakhala nsima ya mgaiwa ndi ya ufa woyera, pomwe madzulo kawirikawiri umatsala woyera wokha chifukwa ndi umene ambiri amaufuna. Anzanga ena amaunyoza mgaiwa kuti ndi ufa wa kusukulu yogonera kapena wa chaka cha njala, ndipo ndikuvomereza kuti pakamwa sufewa ngati woyera. Komabe chimanga chikakonoledwa, n'kuviikidwa m'madzi masiku angapo, n'kuyanikidwa ndi kugayidwa, chimene chimatayika ndi gaga ndi kamtima ka njere, momwe muli mbali yaikulu ya mavitamini, mafuta achilengedwe ndi zinthu zothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino. Gaga ameneyo timapatsa nkhuku ndi nkhumba, ndipo zimanenepa bwino ndi chimene ife tataya. Chimene ndaona pa thupi langa ndi chakuti mitanda iwiri ya mgaiwa imandisunga mpaka madzulo, pomwe iwiri ya ufa woyera imandisiya ndikuyang'ana mandasi pofika 4 koloko. Mpunga umapezeka kawiri pa sabata, ndipo ndi wa konkuno, wa m'madambo a nyanja ya Chilwa. Ndi wonunkhira bwino, koma amauunjika ngati chulu, ndipo pamenepanso pamafunika kutsegula pakamwa.

Ndiwo zamasamba ndizo zimene zimandibweza kumeneku, ndipo ndikanakhala wopereka mamalikesi ndikanazipatsa onse. Zimasintha ndi nyengo: nkhwani, bonongwe, chisoso ndi therere nthawi ya dzinja, mpiru, repu ndi tchayinizi nthawi yozizira ndi ya chilimwe pamene za kudimba zachuluka, kholowa ndi khwanya zikapezeka, komanso mfutso pamene msika wauma. Kawiri kapena katatu pa sabata zimakhala zotendera. Ndinaonapo Mayi atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, lichero pamiyendo, akusankha mtedza njere imodziimodzi n'kumataya yonse yofota ndi yachuku asanaupereke kuti ukasinjidwe, ndipo amene anaphunzirapo za poizoni amene chuku chimasiya mu mtedza ndi chimanga amvetsa chifukwa chake ndinasangalala. Nsinjiro zimakometsa masamba popanda kuthira mafuta ophikira, ndipo zimawonjezera zomanga thupi. Chinanso n'chakuti masamba awo saphikidwa mpaka kuda. Amafika pambale akadali obiriwira. Soda amamuthira mu therere mokha, ndipo pamenepo sindingawatsutse kwambiri ngakhale kuti soda amawononga mavitamini ena, chifukwa therere lopanda soda kapena chidulo ndi ochepa amene angalidye. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu azidya magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku. Chipande chimodzi chija sichifika pafupi n'komwe, koma ziwiri masana ndi ziwiri madzulo zimakufikitsa patali.

Pa ndiwo zinazo pali zoyamikira ndi zodandaula. Nyemba zilipo tsiku lililonse, zophikidwa bwino mpaka msuzi kulemera, ndipo nthawi ya nandolo amaphika wamuwisi, amene kwa ife a kuno kummwera ndi ndiwo ya ulemu wake. Usipa ndi matemba amawaphika ndi tomato ndi anyezi m'malo mongowakazinga, ndipo ubwino wa tinsomba timeneti ndi wakuti timadyedwa ndi minga yomwe, motero thupi limapezamo zolimbitsa mafupa zimene wophunzira wosakwanitsa kugula mkaka sangazipeze kwina mosavuta. Mbale ya nyemba kapena ya usipa imatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi ya nkhuku, ndipo kwa amene akusamala thupi ndi thumba nthawi imodzi, kusankha kwake n'kosavuta. Mazira owiritsa amapezeka ukapempha m'mawa. Nyama ya soya, imene ndi bwenzi la wophunzira aliyense, ndiyo imandikhumudwitsa, chifukwa imabwera ikusambira m'mafuta ofiira, ndipo popeza soya amamwa mafuta ngati thonje, munthu umadya mafuta ambiri kuposa mmene maso akuonera. Nkhuku nayo imakazingidwa m'mafuta ambiri isanaikidwe mu msuzi, ndipo Loweruka lina ndinaona kuti mafuta a m'chiwaya anali atada chifukwa chobwerezedwa. Ndinawauza Mayi mwaulemu, iwo anayankha kuti mafuta akwera mtengo ndipo sangataye otsala, zomwe ndi zoona, koma kuyambira pamenepo nkhuku ndimaidya mwa apo ndi apo.

Nkhani ya mafutayi ndiifotokoze pang'ono, chifukwa ambiri timaimba mlandu nsima pamene wolakwa wamkulu ali pambali pake. Galamu imodzi ya mafuta imapatsa thupi makalori 9 (makalori ndi muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapereka), pomwe galamu imodzi ya sitalichi kapena ya zomanga thupi imapatsa 4 okha, ndipo supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Mbatatesi yowiritsa si chakudya chonenepetsa kwenikweni, koma ikadulidwa timizere n'kumizidwa m'chiwaya imatuluka itasanduka chinthu china. Mafuta ndi ofunika m'thupi, ndipo ali m'gulu lawolawo pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amatiphunzitsa, pamodzi ndi zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba ndi zipatso. Vuto ndi muyezo. Chizolowezi changa tsopano n'chopendeketsa mbale pang'ono kuti mafuta atsikire mbali imodzi, n'kumasusa kumtunda.

Mchere nawo amathira ndi dzanja lolemera, makamaka mu nyemba ndi mu msuzi wa nkhuku, momwe amawonjezeramonso timibulu tokometsera ndiwo timene tili kale ndi mchere wambiri. Pamwamba pa izo, pa tebulo lililonse pali kabotolo ka mchere, ndipo ndimaona anzanga akuwaza asanalawe n'komwe. Muyezo wa WHO ndi wakuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 pa tsiku, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi. Ine kabotoloko ndimakakankhira kutali n'kutenga ka tsabola wa kambuzi, amene Mayi amakonza okha ndi mandimu, ndipo ndi wokoma kwabasi.

Pa magulu asanu ndi limodzi aja, limene kwa Mayi kulibiretu ndi la zipatso. Sindikumvetsa chifukwa chake, poti Zomba ndi mzinda umene zipatso zimachita kukutsata pamsewu. Nthochi ndi mapapaya zilipo pafupifupi chaka chonse, masuku ndi mango zimadzaza kumapeto kwa chaka, mapeyala ndi magwafa zimabwera dzinja likamapita kumapeto, manachesi nthawi yozizira, ndipo a kuphiri amatsika ndi masitiroberi awo. Nthochi imodzi pambali pa mbale sikanawonjezera mtengo kwambiri. Pakali pano ndimapita ndekha kumsika waukulu Loweruka, wapansi, n'kugula za sabata yonse, ndipo ulendo umenewu ndimauwerengera pa mphindi 150 zolimbitsa thupi zimene akatswiri amalangiza pa sabata. Ndikadya nyemba kapena masamba ndimatsatiza gwafa kapena lalanje, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'zomera, pomwe tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa zimenezi. Kwa atsikana, amene amataya magazi mwezi ndi mwezi, mfundo imeneyi si yaing'ono.

M'malo mwa zipatso, pakona pali firiji, ndipo firiji imeneyi ndiyo msampha wa malo ano. Ili pomwe munthu umalipirira, yodzadza ndi zakumwa za shuga zozizira bwino, ndipo mwezi wa Okutobala, thukuta likutsika, pamafunika mtima wa mwala kuti uidutse. Botolo limodzi la mamililita 300 la chakumwa chotere limakhala ndi shuga wokwana timasupuni pafupifupi 8, pomwe muyezo wa tsiku lonse kwa munthu wamkulu ndi timasupuni pafupifupi 12, kuwerengera ndi wa mu tiyi yemwe. Mnzanga wina amakonda kunena moseka kuti shuga wa ku Malawi ndi mankhwala chifukwa amaikamo vitamini A. Kuti amaikamo ndi zoona, monganso amachitira ndi mafuta ophikira, koma cholinga chake n'chakuti kochepa kamene anthu amadya kale kakhale ndi phindu, osati kuti tiwonjezere masupuni. Thobwa la kwa Mayi ndi labwino, la chimera cha mawere, koma nalonso amalithira shuga asanaliike m'mabotolo. Nditapempha, anayamba kundisungira kabotolo kamodzi kosathira, ngakhale kuti masiku ena amaiwala.

Chodandaula changa chachikulu ndi nthawi. Malowa amatseka hafu pasiti 7 madzulo, ndipo sapereka chakudya cha m'mawa. Nthawi ya mayeso, pamene munthu umachoka kowerenga pakati pa usiku, mgonero wa 6 koloko umakhala utaiwalika kalekale, ndipo chokhacho chimene chili maso pa ola limenelo ndi chiwaya. Makilogalamu anga 9 aja anachokera pa ola limeneli, osati pa nkhomaliro. Ndinapeza njira ziwiri. Yoyamba ndi kupita ndi kontena yanga kuti mgonero andiikiremo, n'kudya theka madzulo, theka lina cha m'ma 9 koloko, zomwe Mayi amalola popanda kuwonjezera mtengo, malinga kontenayo ikhale yotsuka. Yachiwiri ndi kuyenda ndi mtedza wokazinga wodzadza dzanja limodzi, nthochi ndi botolo la madzi m'chikwama. M'mawa ndimadziphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena kuwiritsa mbatata yofiira m'kati, imene ili ndi vitamini A wambiri ndipo imakhutitsa kuposa mandasi atatu. Mayi akanayamba kugulitsa phala ndi mbatata m'mawa, ndikukhulupirira kuti mzere ukanafika kumsewu.

Pa mitengo sindilemba manambala, chifukwa yasintha kangapo m'masemesita atatu okhawa ndipo chimene ndingalembe lero chikhala chabodza mwezi wamawa. Chiyambireni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wogulitsa chakudya wakhala akuvutika kuti asathamangitse makasitomala, ndipo njira imene ambiri asankha ndi kuchepetsa ndiwo n'kusiya nsima momwe inalili, popeza wokhuta sadandaula msanga. Kwa Mayi nakonso nthuli ya nkhuku yachepa moonekeratu, ndipo usipa umene kale unkaphimba pansi pa mbale tsopano ukhoza kuwerengeka. Masamba ndi nyemba zokha ndi zimene sizinachepe. Poyerekeza ndi malo oyandikana nawo, mtengo wa pamwezi uli pakatikati, koma ukawerengera masamba owonjezera aulere aja, ndimaona kuti ndikupindula.

Malowa ndingawalimbikitse kwa wophunzira amene alibe nthawi kapena malo ophikira, amene amakonda ndiwo zakumudzi, ndipo saopa kunena chimene akufuna. Kwa amene amadya nyama tsiku lililonse, kapena amene adokotala anamuletsa mchere, sindikuona kuti angakhutire, pokhapokha atagwirizana ndi Mayi mwapadera. Ndawabweretsako anzanga awiri a m'kalasi amene anali atayamba kudumpha nkhomaliro ndi kumwa tiyi wina wogulitsidwa pa WhatsApp amene amati amaphwetsa mimba, koma kwenikweni ankangowatsegula m'mimba n'kuwasiya ofooka nthawi ya mayeso. Mmodzi anakhazikika ndipo dzina lake lili m'kope, winayo anati mgaiwa sangauthe ndipo anabwerera kwake. Ine makilogalamu 6 mwa 9 aja anachoka pang'onopang'ono m'miyezi pafupifupi khumi, popanda tsiku limodzi logona ndi njala, ndipo atatu otsalawo akuoneka kuti akhazikika. Thalauza limodzi mwa awiri aja layambanso kumangika. Tchuthi chapitachi azakhali anandiyang'ana modandaula n'kufunsa ngati ngongole ya boma inachedwanso kutuluka, ndipo pobwerera anandimangira thumba la ufa woyera kuti ndikapatse amene amandiphikira. Ndinakapereka kwa Mayi, iwo analandira ndi manja awiri, n'kundifunsa ngati mawa ndidzadye itatu poti ufa ndi wanga.